Njinga yoyenera njira zamiyala: hardtail, full suspension kapena yopanda ma shock

Munthu amene akufuna kupalasa njinga m'misewu ya m'nkhalango ya pa phiri la Zomba, kapena kutsika msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia mpaka ku Chitimba, ayenera kudzifunsa mafunso awiri asanapereke ndalama zake kwa wogulitsa. Loyamba ndi lakuti kodi njingayo ipirira miyala, ndipo lachiwiri ndi lakuti ikawonongeka ndani angaikonze kumene iyeyo akukhala. Ogulitsa ambiri amangoyankha funso loyamba, koma ine ndikuona kuti lachiwiri ndi limene liyenera kutsogolera pano pa Malawi, chifukwa njinga yodula ikasowa kachitsulo kamodzi kosapezeka ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu imatha miyezi itakolekedwa pakhoma, pamene yotsikirapo mtengo ikuyendabe.

Miyala nayo si ya mtundu umodzi. Pali miyala yosakhazikika imene madzi a mvula amaikokolola n'kuisiya m'misewu ya m'nkhalango za paini pa Zomba ndi pa Dedza, ndipo imeneyi imagubuduka pansi pa tayala n'kuchititsa gudumu lakutsogolo kuterereka pakhota. Pali miyala yozikika m'nthaka yokhala ndi m'mbali mwakuthwa, imene imacheka matayala ndi kupinda malimu. Palinso matanthwe osalala onga a m'munsi mwa phiri la Mulanje, amene tayala limawagwira bwino kwambiri akauma, koma chiperoni chikayamba m'miyezi yozizira amaterera moti ngakhale woyenda pansi amaponda mosamala. Njinga imodzi singapambane pa mitundu yonseyi mofanana, choncho wogula ayenera kudziwa miyala imene azikumana nayo kawirikawiri.

Njinga yopanda ma shock

Njinga zoyamba za m'mapiri zinalibe shock iliyonse, kutanthauza chipangizo chochepetsa kugwedezeka gudumu likagunda mwala. Achinyamata a ku Marin County ku California, m'zaka za m'ma 1970, ankatenga njinga zakale zolemera zokhala ndi matayala onenepa n'kumatsika nazo m'misewu yafumbi ya m'mapiri, ndipo mpikisano wawo wotchuka wa Repack unayamba mu 1976. Mmodzi mwa iwo, Joe Breeze, anawotcherera felemu yoyamba yopangidwira ntchitoyi mu 1977, ndipo njinga ya Stumpjumper ya kampani ya Specialized, imene inayamba kugulitsidwa mu 1981, inalinso ndi foloko yachitsulo yosapindika. Zimenezi zikusonyeza kuti miyala imayendeka popanda ma shock. Komabe anthu omwewo atangoona foloko yokhala ndi shock ya kampani ya RockShox cha m'ma 1989, ambiri sanachedwe kusintha, ndipo chifukwa chake chimamveka kwa aliyense amene anatsikapo mtunda wautali wamiyala atagwira handulo yogwedezeka. Kugwedezekako kumalowa m'manja, zala zimachita dzanzi, ndipo zala zomwezo ndi zimene zikufunika kufinya mabuleki pa khota lotsatira.

Ubwino wa njinga yotereyi ndi wakuti palibe chovuta kukonza, ndipo mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa bwino. Pa misewu yadothi ya pa Nyika yozungulira Chelinda, pamene miyala imangobwera apo ndi apo, ikhoza kukwanira ndithu ngati ili ndi magiya ndi matayala otambalala. Njinga zolimba zonyamula katundu, monga Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief yokhala ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100, kapena njinga zakuda zimene akabaza amagwiritsa ntchito, ndi zopirira kwambiri, koma zinapangidwira ntchito ina. Kulemera kwake, kusowa kwa magiya ndi mtundu wa mabuleki ake zimachititsa kuti paphiri lamiyala mwini wake azikankha pokwera ndi kuopa potsika.

Hardtail

Iyi ndi njinga yokhala ndi shock kutsogolo kokha, mu foloko, pamene kumbuyo ndi felemu yolimba. Nzeru yake ndi yakuti gudumu lakutsogolo ndi limene limayamba kugunda mwala, ndi limene limawongolera, ndiponso ndi limene limagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga potsika. Likakhala ndi chinthu choliteteza kuti lisadumphe, theka la mavuto a pamiyala latha. Foloko zambiri za njinga zoterezi zimalowa mamilimita 100 mpaka 120, ndipo muyeso umenewu ndi wokwanira pa njira zambiri za m'mapiri athu. Kumbuyo, miyendo ya wopalasa ndiyo imalandira kugunda kwa miyala, choncho amayenera kudzuka pachishalo n'kuima pa mapedulo mawondo atapindika pang'ono. Wokhala chikhalire pa hardtail pamiyala amavutika msana ndipo amaboola chubu chakumbuyo kawirikawiri.

Pa hardtail, foloko ndi imene imasiyanitsa njinga yabwino ndi yongooneka bwino, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Foloko zotsika mtengo zimangokhala ndi sipuling'i yachitsulo mkati popanda chipangizo chamafuta chochepetsa liwiro lobwerera. Ikagunda mwala imalowa n'kubwerera mwamphamvu nthawi yomweyo, ndipo pa miyala yondondozana gudumu limayamba kunjanja m'malo mogwira pansi. Foloko yabwino imakhala ndi mafuta amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo zimenezi zimachititsa kuti ibwerere mofatsa. Pali za sipuling'i yachitsulo ndi za mpweya. Za mpweya ndi zopepuka ndipo zimasinthika malinga ndi kulemera kwa munthu, koma zimafuna pampu yake yapadera, osati ya matayala. Za sipuling'i ndi zolemerapo koma sizitaya mpweya ndipo zimapirira kusasamalidwa. Kampani ya RockShox imalangiza kuti mbali ya m'munsi ya foloko izitsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano pakatha maola 50 akupalasa, ndipo ndi fumbi la mwezi wa Okutobala kuno kwathu malangizowa si ongonena.

Mukamagula njinga ya kaunjika, gwadani pansi ndi kuyang'anitsitsa timapaipi tiwiri tonyezimira timene timalowa ndi kutuluka mu foloko. Pukutani fumbi ndi chala, kenaka yendetsani chikhadabo kuchokera pamwamba mpaka pamene pali mphira. Chikhadabo chikakodwa m'kamzere, kapena mukaona kuti utoto wagolide kapena wakuda wapelepeseka mpaka chitsulo choyera chikuonekera, folokoyo izingotaya mafuta ndi kumeza fumbi ngakhale mutasintha mphira kangati. Kenaka finyani buleki yakutsogolo n'kukankhira njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda m'kati mwa foloko, zipangizo zake zatha, ndipo mtengo wa njingayo uyenera kutsika kwambiri chifukwa foloko ina yabwino ikhoza kudya ndalama zoyandikira mtengo wa njinga yonse.

Full suspension, yeniyeni ndi yongofanizira

Njinga yokhala ndi ma shock kutsogolo ndi kumbuyo imaposa zonse pamiyala, ndipo sindingabise zimenezi. Gudumu lakumbuyo limatsatira nthaka m'malo modumpha, choncho pokwera phiri lamiyala tayala silipalasa pachabe, ndipo potsika buleki yakumbuyo imagwira ntchito chifukwa tayala lili pansi. Thupi nalo silitopa msanga. Ku mpikisano wa Cape Epic, umene umachitika ku Western Cape ku South Africa kuyambira mu 2004 ndipo umatenga masiku 8, opikisana ambiri amasankha full suspension ngakhale kuti ndi yolemerapo, chifukwa kugundidwa ndi miyala tsiku ndi tsiku kumatha mphamvu kuposa kunyamula kilogalamu imodzi yowonjezera. Njingazi zimasiyana malinga ndi kutalika kwa mayendedwe a ma shock: za mipikisano ya mitunda italiitali zimakhala ndi mamilimita 100 mpaka 120, za njira zosakanikirana 130 mpaka 150, ndipo zongotsikira mapiri zimafika 200 moti kukwera nazo phiri ndi chintchito.

Vuto lake lili pa chisamaliro. Felemu yakumbuyo imazungulira pa mabelingi angapo, ndipo lililonse limalowa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Shock yakumbuyo ikayamba kutaya mafuta imafuna zida ndi mphira za mtundu wake womwewo, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimachita kuitanitsidwa kuchokera ku South Africa kapena kutali kuposa apo. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Cape Town wotha kumutumizira zipangizo, komanso ali ndi ndalama zosamalira njinga chaka ndi chaka, akhoza kusangalala nayo kwambiri. Amene alibe njira imeneyi aganize kawiri, makamaka ngati njingayo ndi yakale moti kampani yake inasiya kupanga zipangizo zake.

Pali mtundu wina umene ndikufuna kuti owerenga aupewe, ndiwo njinga zonyezimira zotsika mtengo zokhala ndi chisipuling'i chachikulu pakati pa felemu. Zimaoneka ngati full suspension, ndipo makolo ambiri amagulira ana awo poganiza kuti agula chinthu chapamwamba. Chisipuling'icho chilibe mafuta ochiletsa kunjanja, choncho mphamvu ya wopalasa imathera m'kukwera ndi kutsika kwa felemu m'malo mopita ku gudumu. Njingazi ndi zolemera, polumikizira pake pamayamba kugwedera msanga, ndipo ndalama zimene zikanapita ku mabuleki ndi malimu abwino zinathera pa maonekedwe. Pa ndalama zofanana, hardtail ya kaunjika ya kampani yodziwika imaposa njinga yotereyi pa chilichonse, ndipo ngakhale yopanda ma shock imaiposa.

Kukula kwa magudumu

Magudumu a njinga za m'mapiri alipo a mainchesi 26, 27.5 ndi 29. Gudumu lalikulu limakwera mwala mosavuta chifukwa limaugunda mopendekera pang'ono, ndipo sililowa kwambiri m'mipata ya pakati pa miyala. N'chifukwa chake 29 yafala kwambiri pa njinga zatsopano. Gudumu la 26 ndi lolimba, limakhota msanga, limayenera anthu aafupi, ndipo koposa zonse matayala, machubu ndi masipoko ake amapezeka m'misika yambiri ya m'maboma. La 27.5 lili pakatikati pa kayendedwe, koma pa kapezekedwe ka matayala ndi limene lingakuvuteni mukatalikira mizinda ikuluikulu. Chenjeraninso ndi chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ambiri: limu ya 29 ndi ya mamilimita 622, pamene ya njinga yakuda ya 28 ndi ya mamilimita 635, choncho tayala la kabaza silingalowe pa njinga ya 29 ngakhale manambala akuoneka oyandikana. Wokhala ku Rumphi kapena ku Phalombe amene sangasunge matayala apadera kunyumba angachite bwino kukhala ndi 26 yabwino kusiyana ndi 29 yoyembekezera tayala lochokera ku Blantyre.

Matayala ndi mpweya

Ngati pali malo amodzi pamene ndalama zochepa zimasintha kwambiri kayendedwe ka njinga pamiyala, ndi pa matayala. Tayala lotambalala mainchesi 2.2 mpaka 2.4, lokhala ndi m'mbali mokhuthala, limagwira mwala ndi kuukumbatira, pamene lopyapyala limangodumpha. Koma kutambalalako kumathandiza pokhapokha mpweya ukakhala woyenera. Chizolowezi cha ambiri ndi kupopa tayala mpaka liume gwa, chifukwa ndi mmene timachitira ndi njinga yonyamula matumba a chimanga pa msewu wosalala. Pamiyala tayala louma chonchi limanjanja, limaterera, ndipo limatopetsa manja.

Mukachepetsa mpweya mopitirira muyeso pamabwera vuto lina. Tayala likagunda mwala wakuthwa limaphwanyika mpaka kufika pa limu, ndipo chubu chimapanikizika pakati pa mwala ndi chitsulo. Mukachitulutsa n'kuchimiza m'beseni la madzi mudzaona thovu likutuluka pa timabowo tiwiri toyandikana, ngati pamene yaluma njoka, ndipo mukafufuza m'tayala simupeza munga uliwonse. Kumata timabowo totere ndi solushoni kumavuta chifukwa nthawi zambiri timakhala tong'ambika m'litali. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70 amene akugwiritsa ntchito machubu, mpweya wa pakati pa 30 ndi 35 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala) ndi poyambira pabwino, ndipo tayala lakumbuyo liyenera kukhala lolimbirapo kuposa lakutsogolo chifukwa ndi limene limanyamula thupi.

Njira ina ndi ya tubeless, imene inayamba kufala makampani a Mavic, Michelin ndi Hutchinson atatulutsa matayala ndi malimu a mtundu wa UST mu 1999. Tayala limamatirira pa limu popanda chubu, ndipo mkati mumathiridwa madzi a mphira amene amatseka okha timabowo ta minga. Popeza mulibe chubu choti chipanikizike, munthu yemwe uja akhoza kutsitsa mpweya kufika pakati pa 22 ndi 28 psi, ndipo kusiyana kwake pa tanthwe kumamveka nthawi yomweyo. Kwa oyenda m'madera a mitengo ya minga monga mthethe, ubwino wake ndi waukulu. Koma madzi a mphirawo amauma pakapita miyezi ingapo, ndipo kumalo otentha monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire amauma msanga, komanso sagulitsidwa paliponse. Malimu ndi matayala ayeneranso kukhala opangidwira tubeless. Ine ndimaona kuti wopalasa kawirikawiri amene angasunge botolo la madziwa kunyumba apindula nayo, pamene wopalasa mwa apo ndi apo angachite bwino kukhala ndi machubu okhuthala ndi tayala lolimba m'mbali. Ngakhale wa tubeless ayenera kunyamula chubu chimodzi, chifukwa mwala ukacheka tayala m'mbali madziwo sangatseke bala lalikulu. Onaninso valavu: yonenepa ya Schrader imalandira pampu ya galimoto ndi ya amisiri ambiri, pamene yowonda ya Presta imafuna pampu yake kapena kachitsulo kolumikizira.

Mabuleki

Msewu wa Gorodi uli ndi makhota akuthwa pafupifupi 20 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15, ndipo wotsika nawo amagwira mabuleki pafupifupi ulendo wonse. Pamalo otere m'pamene kusiyana kwa mitundu itatu ya mabuleki kumaonekera. Mabuleki a V, ogwira pa limu, ndi otsika mtengo ndipo mphira zake zimapezeka paliponse, koma amafooka limu ikanyowa kapena ikapakika matope pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo mwala ukapinda limu pang'ono amayamba kugwira modukizadukiza. Mabuleki a disc a kebulo, ogwira pa kambale kachitsulo ka pakati pa gudumu, sadalira kuwongoka kwa limu, amagwira ndi mvula yomwe, ndipo kebulo ikaduka mmisiri wa pamsika akhoza kuikapo ina. Amafuna kuwasendeza pafupipafupi mapadi akamatha, komanso amafuna kufinya ndi mphamvu. Mabuleki a disc a mafuta ndi amene amagwira bwino kuposa onse, chifukwa chala chimodzi chimakwanira ndipo zala zotsalazo zimagwira handulo molimba, chinthu chofunika kwambiri pamiyala. Koma paipi ikaduka patchire palibe chochita, ndipo mafuta ake sasakanizidwa: a kampani ya Shimano amafuna mafuta a mineral, pamene ambiri akale a SRAM ndi Avid amafuna a DOT, ndipo kuthira olakwika kumawononga mphira za mkati.

Kwa wokhala m'tauni ndingasankhe mabuleki a mafuta a Shimano, chifukwa ndi ofala ndipo amatha nthawi yaitali osafuna kukhudzidwa. Kwa woyenda maulendo a masiku angapo kumidzi, monga m'nkhalango za Viphya, a kebulo ndi odalirika chifukwa amakonzeka panjira. Munthu wolemera, kapena wotsika mitunda italiitali, aike disc ya mamilimita 180 kutsogolo m'malo mwa 160 ngati foloko yake ikulola, popeza yaikulu sitentha msanga.

Za felemu ndinene mwachidule. Yachitsulo ndi yolemerapo koma ikang'aluka owotcherera a pamsika akhoza kuilumikiza. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo ndi imene ili pa njinga zambiri, koma ikang'aluka kawirikawiri ndiye kuti yatha, choncho yang'anitsitsani mowotcherera monse musanagule. Ya carbon ndi yopepuka koposa, koma mwala ukaimenya ikhoza kuwonongeka mkati kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo sindingalangize munthu kugula ya kaunjika imene mbiri yake sakuidziwa. Mapedulo afulati okhala ndi timano togwira nsapato ndi abwino kwa ambiri kuposa omangirira phazi, chifukwa pamiyala pamafunika kutsitsa phazi mwadzidzidzi.

Kudutsa pamiyala penipenipo

Njinga ikasankhidwa, pamatsala kusankha kwa wopalasa akafika pa chigawo chovuta. Ena amachepetsa liwiro kwambiri n'kumazemba mwala uliwonse, ndipo njira imeneyi imaoneka yanzeru, koma gudumu loyenda pang'onopang'ono limaima likagunda mwala waung'ono, thupi n'kupitirira kudutsa pa handulo. Ena amalowa ndi liwiro lalikulu podalira ma shock, ndipo pa full suspension zimatheka, koma pa hardtail zimathera m'kupinda limu yakumbuyo. Njira yapakati ndiyo kugwira mabuleki musanafike pamiyala, kenaka kuwamasula n'kulola njinga kudutsa ndi liwiro lokwanira, mutaima pa mapedulo olingana, zidendene zitatsika pang'ono, zigongono zitapindika, maso ali kutsogolo kumene mukufuna kupita osati pa mwala umene mukuuopa. Potsika motsetsereka kwambiri tsitsani chishalo kuti thupi lithe kusendera kumbuyo, ndipo kachitsulo kotsegula ndi dzanja pa chishalo kamagwira ntchitoyi motsika mtengo. Pokwera, sinthani giya musanafike pamiyala, chifukwa kusintha muli mkati mopalasa mwamphamvu kumadula tcheni.

Kutsika n'kukankha ndi njira yoyenera pamene simukutha kuona kumapeto kwa chigawocho, pamene tanthwe lanyowa, kapena pamene muli nokha kutali ndi msewu, monga cha ku Chingwe's Hole pa Zomba kapena m'kati mwa Nyika, kumene wothyoka phewa angadikire thandizo kwa maola ambiri. Chisoti cholimba ndi magolovesi zisatsale pa ulendo uliwonse wa pamiyala, kaya njingayo ndi ya mtundu wanji.

M'chikwama muzikhala chubu, pampu, solushoni ndi zigamba, masipanala a allen, cholumikizira tcheni, ndi kachitsulo kofewa kamene kamalumikiza chosinthira magiya chakumbuyo ku felemu. Kachitsulo kameneka kanapangidwa dala kuti kazipindika kapena kuthyoka mwala ukamenya, pofuna kuteteza felemu, ndipo njinga za makampani osiyanasiyana zimakhala ndi kosiyana kaumbidwe. N'kovuta kukapeza pamsika, choncho tsiku limene mwagula njinga kamasuleni, kajambuleni mbali zonse ziwiri pa foni, ndipo muitanitse kena kofanana nako kasanathyoke kamene kalipo.